DONALD KACHAMBA NDI CHITOLIRO CHA KWELA

Aliyense amene anayendapo m'misika ya ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo kapena kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe, anakumanapo ndi timagulu ta anyamata oimba ndi zipangizo zodzipangira okha. Mmodzi amakhala atakhalira babatoni, chimphona chija cha nsambo imodzi, wina ali ndi gitala kapena banjo ya chigubu cha mafuta, wina akugwedeza maseche. Anthu amaunjikana, naponya ndalama m'mbale, kenaka aliyense nkupitiriza ulendo wake. Ena mwa oimba otere anafika patali ndithu. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band, amene anayambira m'misewu ya Lilongwe yomweyi, anakaimba ku Zanzibar pa chikondwerero cha Sauti za Busara m'chaka cha 2017, ndipo pambuyo pake anayendera maiko a ku Ulaya. Komabe womvera wachikulire, amene makutu ake anakhwimira pa wailesi ya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amazindikira kuti m'magulu ameneŵa mukusoŵa liwu limodzi. Kale pamwamba pa babatoni ndi gitala pankalira chitoliro chachitsulo. Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anachisunga chitolirocho pamene eni ake oyamba anali atachisiya, mpaka kukachiphunzitsa pa yunivesite ku Amereka. Munthuyo ndi Donald Kachamba, wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, m'boma la Blantyre.

Chitoliro si chinthu chachilendo pakati pa anthu a kuno. Abusa a ng'ombe ndi mbuzi akhala akusema zitoliro za nsungwi ndi bango kuyambira kalekale, ndipo ana amadziŵa kuboola phesi la tsamba la papaya nkumaliza kudambo. Anyungwe a ku Tete ali ndi nyanga, zitoliro zomangidwa pamodzi zimene amuna amaliza uku akuvina mozungulira. Koma chitoliro cha Kachamba chinachokera kwina. Ndi kampope kachitsulo ka mabowo 6, kamene mmisiri wina wa ku Mangalande, Robert Clarke, anayamba kupanga chochuluka m'zaka za m'ma 1840 nakagulitsa motsika mtengo ku Manchester ndi m'madera ozungulira. Chifukwa chosadula, kanasanduka choimbira cha amphaŵi. Ku Ireland kanaloŵa m'nyimbo za makolo a kumeneko, limodzi ndi chitoliro chachikulu chamtengo chija choliza chopingasa. Kummwera kwa Afirika kanatenga njira ina.

Ku Johannesburg, makamaka m'dera la anthu akuda la Alexandra, anyamata a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ankamva nyimbo za jazi za ku Amereka pa magalamafoni ndi m'nyumba za kanema. Malipenga aakulu a magulu amenewo sakanatha kuwagula. Motero anatenga chitoliro chachitsulo nayamba kuchikakamiza kuti chilankhule ngati saksofoni. Kanema wotchedwa The Magic Garden, amene anatuluka mu 1951, anaonetsa Willard Cele akuliza chitolirochi, ndipo anyamata ambiri anatengera pomwepo. Kenaka panatchuka Spokes Mashiyane ndi kamnyamata kotchedwa Lemmy Mabaso. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, yoimbidwa ndi Elias Lerole ndi anzake, inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Mangalande, ngakhale kuti oimba ake analandirapo kandalama kochepa. Maimbidwe ameneŵa ndiwo anatchedwa kwela. Liwuli Mmalaŵi safuna womasulira, pakuti m'Chizulu ndi m'Chicheŵa momwe likunena za kukwera. Anthu a ku Johannesburg ankatcha magalimoto a apolisi kuti kwela-kwela, ndipo anyamata oimba m'misewu ankawadziŵa bwino magalimoto amenewo, chifukwa kuunjikitsa anthu pamsewu unali mlandu.

Nanga nyimbo za m'misewu ya ku Joni zinafika bwanji ku Chileka? Zinabwera pamutu pa anthu. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ena ku minda ndi m'mafakitale a ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, enanso paokha wapansi. Pobwerera ankanyamula bokosi la zovala, njinga, galamafoni ndi mbale zake. Wailesi nayo inathandiza. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inkaulutsira anthu akuda a maiko atatu, ndipo kuyambira 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo ka maonekedwe a sefuliya, kamene kanafika ndi m'midzi momwe. Banja la a James Kachamba, amene iwo eni anali woimba gitala, linali limodzi mwa mabanja oyenda aja. Mu 1957 linasamukira ku Salisbury, kumene makolo ankangokutcha kuti ku Halale, ndipo linabwerera kumudzi mu 1961. Daniel, wobadwa mu 1947, anabwerako ali mnyamata wodziŵa kale gitala. Mng'ono wake Donald, wobadwa mu 1953, anabwerako ali mwana wa zaka 8, makutu atadzaza ndi kwela.

Abale aŵiriŵa anayambitsa gulu limene linadzatchuka ndi dzina lakuti Kachamba Brothers Band. Daniel ankatsogolera ndi gitala ndi mawu, Donald ali pa chitoliro, anzawo a m'mudzi ali pa babatoni ndi maseche. Ankaimba pa maphwando, m'malo a moŵa ndi m'mphepete mwa misewu ya Blantyre, kulandira chimene omvera aponya. Anthu olemekezeka a nthaŵiyo sankaziŵerengera nyimbo zotere. Kwa ophunzira, nyimbo zenizeni zinali za kwaya ndi za m'buku. Kwa osunga mwambo, zenizeni zinali za ng'oma, mangolongondo ndi bangwe. Kwela sinali uku kapena uko, motero ambiri ankaiyesa maseŵera a ana osoŵa chochita.

Mu February 1967 mlendo wina anawapeza anyamataŵa akuimba mu Blantyre. Mlendoyo anali Gerhard Kubik wa ku Vienna m'dziko la Austria, wofufuza za nyimbo za mu Afirika, amene paunyamata wake anali woimba jazi. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kubik anamva chimene eni dera anali atachizoloŵera mpaka kusachimvanso. Anawatsatira kwawo ku Singano, najambula nyimbo zawo pa tepi ndi pa kanema chaka chomwecho, ndipo mu 1974 Yunivesite ya Zambia inasindikiza buku lake lonena za gululi. Pamene ankakumana koyamba, Donald anali ndi zaka pafupifupi 14.

Chimene chinamdabwitsa mlendoyo ndicho kagwiridwe ka chitoliro, ndipo mpofunika kukafotokoza bwino, pakuti luso lonse lagona pamenepa. Woimba wa ku Ireland amagwira chitoliro chachitsulo molunjika, nangochikhudzitsa kunsonga kwa milomo. Kukometsa konse amakuchita ndi zala, zimene zimagunda ndi kutsetsereka pa mabowo mofulumira. Woimba kwela sachita choncho. Iye amapendeketsa mutu, naloŵetsa mutu wa chitoliro mozama m'kamwa chammbali, nsonga yake italoza m'tsaya, kotero kuti milomo imafika pafupi ndi kazenera kamene mpweya umatulukira. Pamenepo m'kamwa monse mumasanduka mimba ya choimbiracho, monga chimachitira chikho pansi pa kalimba. Akakuza kapena kuchepetsa mphako ya m'kamwayo, akasuntha mlomo pang'ono pa kazenera kaja, liwu limatsika kapena kukwera popanda kusintha chala ndi chimodzi chomwe. Liwu lopyapyala lija limanenepa, limakhala lamphamvu moti nkumveka pakati pa phokoso la msika, ndipo limatha kulira, kudandaula ndi kuseka monga munthu. Mawu ena amene amatuluka motere sapezeka pa limba la m'tchalitchi, chifukwa amagwera pakati pa mabatani aŵiri oyandikana.

Tsono luso lotere silingalembedwe papepala nkutha. Wolemba akhoza kusonyeza chala chimene chitseke bowo liti, koma za m'kamwa palibe amene amaziona. Wophunzira ayenera kukhala pafupi ndi mwini luso, kumva, kuyesa, kulakwa, ndi kumvanso, kufikira tsaya ndi lilime zitapeza malo ake. Nchifukwa chake maimbidwe ameneŵa amatha msanga pakangosoŵa munthu mmodzi kapena aŵiri.

Pansi pa chitoliro pamakhala maziko osasintha. Gitala, imene Daniel ankakonda kuichotsa nsambo imodzi nkutsala 5, imazungulira pa magwiridwe oŵerengeka, kubwereza njira yomweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Babatoni imayenda pansi ngati mapazi a munthu wa paulendo, maseche akusunga nthaŵi. Wosadziŵa angayese kuti nzophweka. Koma kubwerezako ndiko kumapatsa wa chitoliro ufulu: iye amatenga kachidutswa ka nyimbo, nakatembenuza uku ndi uku, kukachedwetsa, kukafulumizitsa, kukasiya nkukabwereranso, ndipo sabwereza kaŵiri mofanana. Pa maziko omwewo abale aŵiriŵa ankaimba sinjonjo, saba-saba, simanje-manje, lumba ndi hauyani, ndipo mawu a nyimbo zambiri anali a Chicheŵa, onena za m'mudzi, za maukwati, za imfa ndi za ulendo. Apa ndi pamene kwela inalekera kukhala katundu wobwera m'bokosi la matchona nkukhala ya ku Chileka.

Mu 1972 Daniel ndi Donald anatuluka m'dziko kukaimba kunja kwa nthaŵi yoyamba. Anayambira ku Nairobi, ataitanidwa ndi bungwe la Goethe-Institut, kenaka anafika ku Ulaya. Pambuyo pa ulendowo njira za abaleŵa zinayamba kusiyana. Daniel anatchuka kwambiri kuno kumudzi monga woimba gitala payekha. Nyimbo zake zinkamveka kaŵirikaŵiri pa MBC, ndipo anthu mpaka lero amamutchula kuti Dokotala Daniel Kachamba. Donald anakhala ndi gulu lakelake, limene linayenda kwambiri kunja: kumadzulo kwa Afirika, ku Ulaya, ku Brazil ndi ku Venezuela, ndipo pomafika kumapeto kwa moyo wake anali ataimba m'maiko oposa 30. M'gululi munali Moya Aliya Malamusi, mnyamata wa ku Singano komweko, amene ankaliza babatoni. Munalinso Kubik mwini wake, akuliza kilaneti ndi gitala. Mfundo imeneyi anthu ambiri amaidumpha. Mzungu amene analandira digiri ya udokotala ku Yunivesite ya Vienna mu 1971 ankaimba pansi pa utsogoleri wa mnyamata wa ku Chileka, kulandira malangizo ake ndi kudzudzulidwa akaphonya. Kunena zoona, wophunzira woyamba wa pa yunivesite amene Donald anamphunzitsa anali ameneyu, zaka zambiri asanaloŵe m'kalasi ina iliyonse.

Maulendo amenewo sanali a zisangalalo zokha. Kaŵirikaŵiri gululi linkaimba m'masukulu, m'mayunivesite ndi m'nyumba za chikhalidwe, kumene nyimbo zinkatsagana ndi kufotokoza. Kubik ankalankhula, Donald nkusonyeza ndi chitoliro chimene chanenedwacho, ndipo ofunsa mafunso ankayankhidwa ndi mwini luso. Donald anaphunziranso kugwiritsa ntchito makina ojambulira mawu. Ankatha kujambula gitala payekha, kenaka nkuonjezapo babatoni, maseche, ndi zitoliro ziŵiri kapena zitatu zoyankhana, zonse akuliza yekha, mpaka kumveka ngati gulu lathunthu. Nyimbo zake zinatuluka pa mbale ku Vienna kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1994 kampani ya ku France ya Le Chant du Monde inatulutsa chimbale chake chotchedwa Concert Kwela.

Pamene iye ankayenda choncho, kwela inali ikuzilala kumene inabadwira. Ku South Africa, Spokes Mashiyane anali atayamba kale kuliza saksofoni mu 1958, ndipo pofika m'ma 1960 makampani a mbale anali atatembenukira ku magitala amagetsi ndi mbaqanga. Kuno ku Malaŵi njira imene nyimbozi zinkadzera inaphwa mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70, ndipo Boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Chaka chotsatira likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Mabanja amene anadzamanga ku Area 23 ndi ku Area 25 m'zaka zimenezo ankavina rumba ya ku Zaire ndi nyimbo za magulu amagetsi monga MBC Band, ndipo pambuyo pake Alleluya Band ya ku Balaka ndi rege. Zitoliro zachitsulo za kampani ya Hohner, zimene oimba kwela ankazikonda, zinasoŵa m'masitolo. Babatoni ndi banjo zinapulumuka chifukwa mnyamata akhoza kuzipanga yekha ndi thabwa, chikopa ndi waya. Chitoliro chachitsulo chinkafuna sitolo, ndiponso chinkafuna mphunzitsi.

Poyerekeza ndi zimene zinachitika ku Ireland, kusiyana kwake nkophunzitsa. Kumenekonso nyimbo za zitoliro zinkayesedwa za anthu akumudzi osaphunzira, ndipo pofika m'ma 1940 ambiri ankaopa kuti zitha. Mu 1951 oimba anakhazikitsa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, limene linayambitsa makalasi a ana ndi mipikisano ya chaka ndi chaka. Seán Ó Riada anaphunzitsa nyimbo za makolo pa yunivesite ya ku Cork kuyambira 1963 mpaka imfa yake mu 1971. Mu 1994 Mícheál Ó Súilleabháin anatsegula malo ophunzirira nyimbo pa Yunivesite ya Limerick, kumene akatswiri a chitoliro monga Niall Keegan anakhala aphunzitsi, ndipo mwana wa mlimi ankatha kulandira digiri chifukwa cha nyimbo za agogo ake. Chitoliro nchimodzimodzi, mabowo ndi omwewo 6. Chosiyana nchakuti kumeneko woimba anapatsidwa mpando ndi malipiro m'dziko lake lomwe, kuti ana amupeze pamalo amodzi chaka ndi chaka.

Sikuti kuno kunalibe ochitapo kanthu. Ku Zomba, pa koleji imene panthaŵiyo inkatchedwa Chancellor College, gawo la zaluso ndi zisudzo linagwira ntchito yooneka, makamaka m'nthaŵi ya mphunzitsi wa nyimbo Mitchel Strumpf. Mu 1987 Yunivesite ya Malaŵi inasindikiza buku lofotokoza nyimbo za m'dziko muno, lolembedwa ndi Kubik mothandizidwa ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. Dzina la mnyamata woimba m'misewu uja tsono linali pachikuto cha buku la yunivesite. Chaka chomwecho, m'mwezi wa July, Daniel anamwalira ali ndi zaka 40 zokha, ndipo mu 1992 gawo lomwelo la zaluso linatulutsa kaseti ya chikumbutso chake. Ku Singano nako, mu 1989, a Malamusi anayambitsa ntchito yosonkhanitsa ndi kusunga nthano, nyimbo ndi zoimbira za makolo, yotchedwa Oral Literature Research Programme. Zonsezi nzoyamikika. Komabe buku ndi kaseti zimasunga liwu, sizisunga kamwa limene linatulutsa liwulo.

Mwayi woti Donald aime pamaso pa kalasi monga mphunzitsi woitanidwa unadza kumapeto kwa 1999, kutsidya kwa nyanja. Yunivesite ya California ku Los Angeles, imene ili ndi gawo lakale ndi lotchuka lophunzitsa nyimbo za mitundu ya anthu, inapatula chaka cha maphunziro cha 1999 mpaka 2000 kukhala cha nyimbo za mu Afirika, motsogozedwa ndi Pulofesa Jacqueline DjeDje, ndipo inaitana akatswiri angapo kuti adzakhale pasukulupo ndi kuphunzitsa. Donald anali mmodzi wa iwo. Ophunzira ake anali achinyamata a ku Amereka, ambiri a iwo ozoloŵera kuŵerenga nyimbo papepala. Tsono anakumana ndi mphunzitsi amene nzeru zake zonse zinali m'makutu, m'zala ndi m'masaya. Anawagaŵira zoimbira monga zimakhalira ku Chileka, nawaphunzitsa kuimba mawu a Chicheŵa, mpaka anakhala gulu lotha kuimba naye pamaso pa anthu. Zimene anaimba pamodzi zinajambulidwa, ndipo yunivesiteyo inadzazitulutsa pa chimbale chotchedwa Donald Kachamba at UCLA: Fall 1999, pamodzi ndi kabuku ka nyimbo zake.

Apa pali chinthu choŵaŵa chimene sichiyenera kubisika. Ophunzira a ku Los Angeles anamupeza Donald kwa miyezi yoŵerengeka, ndipo m'miyezi imeneyo anatola zimene anakhoza. Mwana wa kwa Chinsapo kapena kwa Mgona, amene chilankhulo cha nyimbozo ndi chake, amene babatoni amaimva tsiku ndi tsiku pamsika, ndiye akanatola zambiri ndi msanga. Koma iye ankangomva dzina la Kachamba pa wailesi, ndipo nthaŵi zambiri dzinalo linkatanthauza Daniel. Kutchuka kwa mkulu kunaphimba mng'ono kwawo, pamene kunja mng'onoyo ndiye ankadziŵika monga mmodzi wa otsiriza odziŵa kuliza chitoliro cha kwela m'njira yake yoyambirira.

Donald anabwerera kumudzi, koma sanakhalitse. Anamwalira mu January 2001, asanakwanitse zaka 50. Anzake a m'gulu sanafune kuti ntchitoyo ithere pamanda. Moya Aliya Malamusi, amene anadzalandira digiri ya udokotala ku Vienna, pamodzi ndi Kubik ndi anyamata a ku Singano monga Sinosi Mlendo ndi Christopher Gerald, anapitiriza kuimba pansi pa dzina lakuti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, ndipo m'zaka zotsatira anakaimbanso ku Ulaya. Matepi amene Kubik anajambula kuyambira 1967, mmene mukumveka chitoliro cha Donald akali mnyamata wa zaka 14, anakasungidwa ku Vienna, m'nyumba yosungiramo mawu yotchedwa Phonogrammarchiv.